Chilango chogwirizana: kukwecha mapoto kapena kulandidwa foni?

Alipo maanja, ngakhale kuno ku Kasungu, amene anapangana mwakufuna kwawo kuti wina azilamula, mnzake azimvera. Nanga womverayo akaiwala kuthirira dimba, chilango chake n'chiyani?

Ena amasankha ntchito yowonjezera: kukwecha mapoto onse ndi phulusa mpaka awale, kapena kulemba m'kope chimene chamuiwalitsa. Ine ndimakonda chimenechi. Mapoto akauma nkhani yatha, mwinanso n'kuyamba kusekana.

Ena amalanda foni usiku umodzi. Zimaluma ndithu, koma ndalama ya ndiwo ili pa Airtel Money pomwepo. Komanso mayi ake akadwala usiku ku Santhe, abale aimbira ndani?

Zonsezi amakambirana mitima ili m'malo, n'kusankhiratu mawu oimitsira. Womverayo akangowatchula, chilango chathera pomwepo.