Kachipangizo kotumizira uthenga pa setilaiti: nyenyezi 4 pa 5, patatha miyezi 14 ndikukagwiritsa ntchito

Ntchito yanga ndi yolemba nkhani za maulendo akutchire, kukwera mapiri ndi kuyenda mitunda italiitali wapansi, n'kumazigulitsa kwa akonzi a magazini osiyanasiyana. Palibe magazini imene inandilemba ntchito. Ndimalembera mkonzi imelo yomunyengerera kuti agule nkhani imene ndikufuna kukatola, akavomera timagwirizana kuchuluka kwa mawu ndi tsiku loipereka, basi zatha. Ulendo ndi wanga, thumba ndi langa, mwendo ukathyoka ndi wanganso. Mtolankhani wolembedwa ntchito ali ndi ofesi imene imadziwa komwe wapita, ndipo akachedwa kubwera wina amayamba kuimba mafoni. Ife aganyufe tikasowa, mkonzi amazindikira tsiku lopereka nkhani litadutsa kale, ndipo amayamba waganiza kuti tagwidwa ndi ulesi. N'chifukwa chake ndinagula kachipangizoka.

N'kakang'ono kokwana m'dzanja, kopepuka kuposa foni, kali ndi kanyanga kafupi pamwamba ndi batani la SOS (loitanira thandizo pangozi) lobisika pansi pa kachivundikiro kuti musalidine mwangozi. Sikadalira nsanja za mafoni. Uthenga umapita m'mwamba kukakwera pa masetilaiti a Iridium, omwe alipo 66 ogwira ntchito ndipo amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 780 kuchokera pansi. Malo amene mwaima kamawadziwa kudzera pa masetilaiti ena, a GPS, omwe ali kutali kwambiri, makilomita pafupifupi 20,200. Anzanga ambiri amasokoneza ziwirizi. Foni yanu imatha kukuonetsani pa mapu pomwe muli ngakhale kulibe netiweki, chifukwa GPS imangomvetsera basi. Koma kuti munthu wina adziwe pomwe mulipo pamafunika chokuyankhulirani, ndipo ndalama zanu mukulipirira chimenecho.

Ndinakayesa koyamba ku Fish River Canyon, chigwa chozama cha kum'mwera kwa Namibia. Ulendo wapansi wa kumeneko umayambira cha ku Hobas n'kukathera pa akasupe a madzi otentha a Ai-Ais, makilomita oposa 80, masiku anayi kapena asanu mutasenza zonse kumsana. Amalola anthu kulowamo kuyambira mu May mpaka pakati pa September, chifukwa miyezi inayo kutentha kwake n'koopsa. Amafunanso kalata ya dokotala, ndipo gulu lisachepere anthu atatu. Mukangotsetsereka chiphompho cha tsiku loyamba, netiweki ya foni mwatsanzikana nayo.

Madzulo a tsiku loyambalo ndinadina uthenga wokonzeratu wouza akunyumba kuti tafika bwino, ndinakaika pamwala n'kumadikira. Zii. Mphindi 5, mphindi 10, kachizindikiro kakungozungulira. Mtima unayamba kundiuza kuti ndataya ndalama. Uthenga unachoka patatha mphindi zoposa 20, ndipo chifukwa chake ndinachimvetsa nditakweza maso. Tinamanga msasa patsinde pa thanthwe, kumwamba kumangooneka kampata ngati mpita wa pakati pa nyumba ziwiri. Masetilaitiwa saima malo amodzi. Iliyonse imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 100, ndiye imadutsa pamwamba panu kanthawi kochepa, ndipo m'chigwa chozama muyenera kudikira mpaka ina idutse pakampatako. Mawa lake ndinayenda masitepe ochepa kupita pamchenga wa pakati pa mtsinje, pomwe kumwamba kuli poyera, uthenga unapita ndisanamalize kumanga nsapato. Kuyambira pamenepo ndimasankha kaye malo, ndipo sindinavutikenso. Masamba owirira a m'nkhalango amachitanso chimodzimodzi. Ndipo musakaponye pansi pa chikwama. Kamangirireni pa lamba wa paphewa, kanyanga kataloza kumwamba.

Tsiku lachitatu kanandipulumuka tikuwoloka mtsinje n'kumira m'madzi ofika m'mawondo. Kali ndi chizindikiro cha IPX7, kutanthauza kuti kamapirira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Ndinakavuula, kukapukuta pa malaya, kanapitiriza ntchito ngati palibe chachitika.

Ndisabise, pogula ndinali ndi maloto oti ndizitumiza nkhani zanga ndili m'hema. Amenewo aiwaleni. Uthenga umodzi umalola zilembo 160. Nkhani ya m'Chingerezi ya mawu 2,000 imakhala ndi zilembo pafupifupi 12,000, ndiye kuti mauthenga 75, ndipo palibe mkonzi amene angakhale pansi kulumikiza zidutswa zimenezo. Zithunzi n'zosatheka n'komwe pa kangaka. Kulemba pa kachipangizo kenikeniko ndi chilango: mumasankha chilembo chimodzichimodzi ndi timabatani, chiganizo chimodzi n'kukudyerani mphindi zingapo. Mukakalumikiza ku foni ndi Bluetooth mumalemba bwinobwino, koma apo ndiye kuti mabatire oti muziwadera nkhawa akhala awiri.

Komabe zilembo 160 zomwezo zinandipulumutsira kasitomala. Mnzathu wina wa pagulu anabinya phazi, tinayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo zinaonekeratu kuti tituluka mochedwa ndi tsiku lathunthu. Ndinalembera mkonzi mizere iwiri: tachedwa, nkhani muilandira Lachisanu m'malo mwa Lachinayi. Anayankha mawu amodzi ovomera. Amene sanagwirepo ntchitoyi angaone ngati n'zazing'ono, koma mkonzi amakhala atasungira nkhani yanu masamba, wokonza masamba akudikira, tsiku lopita kosindikiza silisuntha. Wolemba amene wachedwa atanena amakhululukidwa. Amene wangoti zii sapatsidwanso ntchito, ndipo sauzidwa n'komwe chifukwa chake. Maimelo ake amangosiya kuyankhidwa.

Phindu limene sindinaliyembekezere ndi la mzere wa ulendo umene kamasunga. Ndinakatchera kuti kazilemba pomwe ndili mphindi 10 zilizonse. Magazini akuluakulu ali ndi munthu wotsimikiza mfundo, amene ntchito yake ndi kukukayikirani: mwalemba kuti munayenda maola 6 tsiku lachiwiri, umboni uli kuti? Kale ndinkadalira kabuku kanga, ndipo m'kabuku mumalowa zimene miyendo yotopa yakuuzani. Nditayerekeza zolemba zanga ndi mzerewo, ndinapeza kuti chitunda china chimene ndinalemba kuti tinachikwera ola lathunthu chinatitengera mphindi 35 zokha. Ndinachita manyazi ndekha, n'kukonza chiganizocho wina asanachione. Masiku ano ndikamatumiza nkhani ndimatumizira limodzi fayilo ya GPX yosunga mzere wa ulendowo, ndipo mafunso obwerera kwa ine anachepa. Kabuku ndi pensulo sindinazisiye ayi, poti makina sakuuzani fungo la malo kapena zimene wonyamula katundu ananena mukupuma.

Batire limakhalitsa. Ulendo wonse wa m'chigwa uja sindinatchaje. Kuzizira ndiye mdani wake. Pa Kilimanjaro, usiku wokwera kuchokera ku msasa wa Barafu kupita pa nsonga ya Uhuru, mamita 5,895, ndinakasiya panja pa chikwama monga mwa chizolowezi, ndipo pofika pa Stella Point, pafupi ndi nsongayo, batire linali litatsika mondidetsa nkhawa. Mabatire onse a lithium amatero kukazizira kwambiri, la kamera linachitanso chimodzimodzi. Mukakabisa m'jekete kamafunda koma sikaona kumwamba bwino. Ine ndimakasunga m'thumba la pachifuwa, n'kumakatulutsa popuma. Mukatenga pawabanki, kumbukirani kuti pandege imakwera nanu m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita pansi, ndipo makampani ambiri a ndege amalola yosapitirira 100 Wh (muyeso wa mphamvu ya batire) popanda kupempha chilolezo.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha kalipiridwe. Kachipangizoka popanda kulipira mwezi ndi mwezi ndi mwala chabe, ngakhale SOS sigwira. Bilu imabwera tsiku lake osaphonya. Ndalama za wolemba wodziimira payekha sizibwera choncho. Magazini ena amalipira nkhani ikasindikizidwa, ndipo nkhani yolembedwa mu June imatha kutuluka mu December. Ina imaphedwa isanatuluke, n'kungokupatsani kagawo kochepa kopukutira misozi. Ndiye miyezi imene ndakhala pa desiki ndikulemba ndi kukumbutsa anthu ngongole zanga, bilu ya setilaiti imandipweteka. Kampani yake imalola kuimitsa kaye, koma batani loimitsira analibisa mkatikati mwa webusaiti yawo, ndipo mwezi wina anandidula ndalama ndikuganiza kuti ndinaimitsa. Nditadandaula anandiyankha patatha masiku 6, ndi kalata yooneka kuti amatumizira aliyense. Chinanso, kuyambitsanso kumafuna intaneti. Chitani zimenezo musananyamuke, mutumize uthenga woyesera muli pabwalo, chifukwa mukakumbukira muli kale kutchire palibe chimene mungachite.

Batani la SOS sindinalidinepo, ndipo ndikupemphera zikhale choncho. Mukalidina, uthenga umapita ku likulu limene limagwira ntchito usana ndi usiku, iwo n'kudziwitsa opulumutsa anthu a dziko limene muli, ndipo mumatha kulemberana nawo kuwafotokozera chavuta. Musaganize kuti bilu ya pamwezi ija ikulipirirani helikopita. Imeneyo ndi nkhani ya inshuwalansi, ndipo inshuwalansi zambiri za maulendo zili ndi malire a kutalika kwa phiri limene mungakwere. Ife tilibe bwana wotiwerengera timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa pepala, tiziwerenga tokha.

Ngati mukungofuna chopulumutsira moyo basi, ganizirani za PLB, kachipangizo kotumiza chizindikiro pa 406 MHz ku masetilaiti a Cospas-Sarsat, dongosolo la mayiko limene lakhala likupulumutsa anthu kuyambira 1982. Imeneyo ilibe bilu ya pamwezi, mumangoilembetsa. Koma singauze mkonzi kuti mwachedwa, singatonthoze akunyumba, ndipo simungafotokozere opulumutsawo kuti vuto ndi phazi chabe. Kwa munthu wokwera phiri kawiri pachaka, PLB ikhoza kumukwanira. Kwa ine amene ndimadyera m'maulendomu, kulemberana ndiye kofunika.

Musanawoloke nako malire a dziko lililonse, fufuzani malamulo. Ku India zipangizo zolankhulira pa setilaiti n'zoletsedwa popanda chilolezo cha boma, ndipo alendo ena agwidwapo nazo pa mabwalo a ndege. Ndili ndi nkhani ya kumapiri a Himalaya imene ndikunyengerera mkonzi wina kuti aigule. Akavomera, ulendo umenewo kachipangizoka kadzatsala m'dirowa, bilu nditaimitsa, ndipo ulendo uno ndidzajambula chithunzi cha tsamba lotsimikiza kuti ndaimitsadi.