Shopu ya makoini ija ya mu mall, ndi florin yanga ya 1964

Shopu imeneyi ndaipatsa nyenyezi zitatu mu ndemanga yangayi koma zonsezo ndi za madala eni shopu, mnyamata wa pa kauntala uja akanakhala yekha sindikanapereka olo imodzi. Ndalemba dala m'Chichewa kuti abale anga a kuno ku Joni amene mumasunga makoini a kumudzi mumve bwinobwino musanatulutse ndalama zanu, poti ndikudziwa tilipo ndithu amene tili ndi tizitini pansi pa bedi.

Koini yake ndi florin, ndiye kuti masheleni awiri, ya 1964, chaka cha ufulu, ija ya njovu ziwiri mayi ndi mwana wake, mbali inayi mutu wa Kamuzu. Amene munakula ndi 20 tambala njovu zimenezi mukuzidziwa, poti kwacha itabwera mu 1971 masheleni awiri aja ndi amene anasanduka 20 tambala. Koma yangayi siinagulepo mchere pa msika ayi, ndi proof, makoini aja odindidwa mwapadera kuti azisungidwa, inabwera mu kabokosi pamodzi ndi zinzake zitatu, sikisi ya chithunzi cha tambala, sheleni ya chimanga ndi hafu koloni. Malume anga anali kalaliki ku Zomba nthawi imeneyo ndipo kabokosiko ankakasunga ngati mwana wakhanda, atatisiya ana awo anatenga zitatu, ine mwana wa mlongo wawo anandipatsa ya njovu. Yakhala nane ku Mayfair kuno zaka zisanu ndi zinayi mu kapulasitiki kake.

Ndinapita tsiku Loweruka nditatseka mashini masana, ine ndine telala, matakisi awiri kuchokera ku Bree. Ndinkafuna aitumize ku America ku grading, kumene amaiyeza n'kuipatsa giredi, monga amachitira ndi ma R5 a Mandela aja, mtengo wake unali R1,200, ndipo mnyamatayo anandiwonjezera R350 ati ya express kuti ibwere pa masabata asanu ndi limodzi.

Tsopano mverani zomwe anachita. Ndangoika koini pa galasi, funso lake loyamba silinali loti ndikuthandizeni chiyani, linali loti mwaitenga kuti imeneyi, akundiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, uku akuyankhula Chizulu chothamanga dala ataona kuti changa ndi chotsimphina. Ndinameza malovu ndikumuyankha mwaulemu kuti ndi ya kwathu, munthu ali pamenepoyo ndi pulezidenti woyamba wa dziko lathu. Kenako ndisanaphethire n'komwe watsegula kapulasitiki kaja, waikhuthulira m'manja, chala chachikulu chili pakati penipeni pa njovu, manja omwewo amene amadyera machipisi ine ndikulowa. Aliyense amene anagwirapo proof amadziwa kuti imagwiridwa m'mphepete mokha, thukuta la chala limadya chitsulo ndipo chidindo chake chikakhazikika sichichoka. Ndiye wayiuzira mpweya, huu, n'kuyamba kukoka m'munsi mwa shati yake kuti apukute. Abale, ndinakuwa. Sindine munthu wokuwa m'mashopu a eni ake, kuno tonse timadziwa kuti mlendo amayenda mutu uli pansi, koma ndinamugwira pa mkono ndithu ndikumuuza kuti ikani pansi achimwene, ikani pansi pompano. Mzimayi wina amene amaona ma Krugerrand, makoini a golide aja, mbali inayo anatembenuka, sekyurite wa pakhomo anasuzumira, thupi langa lonse likunjenjemera. Iye anangoseka n'kunena kuti relax, ndimagwira makoini a ndalama zambiri kuposa aka tsiku ndi tsiku. Mawu oti "aka" amenewo mpaka lero amandiwawa.

Chondipusitsa chinabwera pambuyo pake. Ataona kuti ndikufuna kunyamula katundu wanga ndizipita anasintha mawu, anaiyang'ana pa kuwala n'kuyamba kuitama, ati iyi ndi Ultra Cameo yosachita kufunsa, 67 kapena kuposa, ati wawonapo zambiri ndipo sanaphonyepo. Kwa amene simunazilowe kwambiri, sikelo yake imayambira 1 kufika 70, inayamba ndi mkulu wina wa ku America dzina lake Sheldon mu 1949, ya proof amalemba PF kapena PR kutsogolo kwa nambala, koma ndalama yeniyeni ili pa mawu amene amabwera pambuyo pa nambalayo. Mawuwo amanena mmene chithunzi chikuyerera poyerekeza ndi malo osalala, ndipo mwa makampani ogireda a ku America, a NGC amati Cameo ndi Ultra Cameo, a PCGS yapamwambayo amati Deep Cameo, ndipo koini yomweyomweyo ikapata mawu amenewo ogula amaiona ndi diso lina. Ine mtima unagunda, ndinaganiza za malume, ndinasaina fomu ndikulipira zonse ndi express yomwe.

Masabata asanu ndi limodzi anakhala miyezi inayi. Foni sayankha, WhatsApp ma tiki awiri a buluu basi.

Itafika, pa slab, kapulasitiki kolimba kamene amaimatiramo akaigireda, panalembedwa PF 64 Cameo. Ndinawerenga katatu nditaima pa khonde la mall. Palibe Ultra, palibe 67. M'mutu mwanga nkhani inali yatha kale, chala chija ndi chimene chandidyera magiredi atatu, ndipo ndinabwerera mkati nditakonzeka kuti lero andidziwa, lisiti lili m'manja. Mwamwayi tsiku limenelo kunali madala eni ake, mzungu wachikulire wa magalasi okhuthala, amene ulendo woyamba sindinawaone. Sanandidule mawu, anandisiya ndilankhule mpaka mpweya kutha, kenako anati bambo tabwerani kuseri kuno tikaione limodzi.

Apa ndi pamene ndemanga yanga ikusinthira, ndipo ndiyenera kunena chilungamo. Anazimitsa getsi la pamwamba n'kusiya kanyale kamodzi ka pa tebulo, anandipatsa kagalasi kokulitsa n'kundiuza kuti ndisayang'ane koini itagona, ndiziyipendeketsa pang'onopang'ono ngati mmene ndimaonera nsalu ya satini ndikafuna kudziwa ngati inapsa ndi simbi. Mbali ya Kamuzu ndikapendeketsa, malo osalala aja amada bii ngati madzi a m'chitsime chakuya, mutuwo n'kuyera mbuu ngati wawazidwa ufa, kuyambira pa chipumi mpaka pa kolala osadukiza. Madala anati mbali iyi yokha ikanakhala koini yonse bwenzi tikukamba zina. Ndiye anaitembenuza. Njovu yaikulu pamsana ufa uja ulipo, koma ukamatsika ku miyendo ukupepuka, ndipo pa kamwana kaja malo ena akung'anima chimodzimodzi ndi pansi posalala, kusiyana kuja kwatha. Ndinayang'ana nthawi yaitali ndithu kufuna kuti ndiwatsutse koma maso anga omwe amaona. Zaka zonsezi ine ndinkangoyang'ana mbali ya mutu, njovu ndinkaziona ngati njovu basi.

Anandifotokozera kuti Ultra imafuna mbali zonse ziwiri zikhale ndi kuyera kokhuthala kosadukiza, mbali imodzi ikafooka amagiredi potengera yofookayo. Ndipo kufookako si kuti wina anaiwononga, inabadwa choncho ku Royal Mint ku London. Chidindo chopangira proof amachipukuta malo osalala kuti akhale ngati kalilole, chithunzicho n'kuchisiya chokhakhala, koma nthawi imeneyo kukhakhalako sikunkachedwa kutha, makoini oyambirira kudindidwa ndi amene ankatuluka oyera kwambiri, chidindo chikamenya kambirimbiri otsatirawo ankatuluka ongong'anima paliponse. N'chifukwa chake ma proof akale a Ultra amasowa pamene a masiku ano pafupifupi onse amatuluka choncho, ndipo mnyamata amene wazolowera kuona zatsopano zokhazokha sangalonjeze munthu zimenezo pa koini ya 1964. Yanga inadindidwa chidindo chitayamba kutopa koma chisanatheretu, ndiye Cameo wambayo ndi malo ake enieni.

Za 64 zija ndiye zinandikhudza kwina. Kutsogolo kwa nkhope ya Kamuzu, ukapendeketsa pa ngodya imodzi yokha, pamatuluka timizere tating'ono kwambiri ngati ulusi wa kangaude, tonse tolowera mbali imodzi. Madala anati iti ndi takale, wina anaipukutapo ndi nsalu zaka zambiri zapitazo. Pomwepo ndinawaona m'maso mwanga azakhali, akazi a malume, mwezi wa July uliwonse ankatulutsa kabokosi kaja kutionetsa ana, n'kumapukuta imodziimodzi ndi kansalu ka m'thumba mwachikondi chonse asanabwezere. Sindinayankhe kanthu kwa kanthawi. Anati muthokoze kuti inali nsalu yofewa, akanakhala kuti anakwecha ndi phulusa kapena mankhwala opukutira mkuwa bwenzi itabwera yolembedwa Details, yopanda nambala n'komwe, ndipo imeneyo ogula amaithawa. Ndiye inu amene muli ndi makoini akuda m'chitini chonde asiyeni akhale akuda, musawasambitse ndi mandimu kapena Coke ngati mmene anthu amauzirana.

Koma musaganize kuti mnyamata uja ndamukhululukira. Pamwamba pa njovu yaikulu pali kachifunga kozungulira kamene ine ndikulumbira kuti kunalibe ndisanalowe mu shopu imeneyo, ndinawaonetsa madala ndipo sanakane, anangoti sangadziwe kuti kanabwera liti koma wantchito wawo samayenera kuigwira choncho. Atafufuza m'buku anapezanso kuti koini yanga inagona mu drowa masabata asanu isanatumizidwe, kutanthauza kuti express ndinalipira ija inali ya mphepo. R350 anandibwezera pompo kuchokera mu tilu osachita kukangana, anapepesa kawiri, anandiperekeza mpaka pakhomo. Mnyamatayo anali pomwepo akudinadina foni, sanadzutse mutu, pepani sanatuluke m'kamwa mwake. Ndinadutsanso sabata yatha ndili pa ulendo wina, akadali pa kauntala pomwepo.

Slab yake ndi yabwino, yomata bwino, nambala yake ndinaifufuza pa intaneti ndipo inatuluka ndi chithunzi cha koini yanga. Pa ndalama ndiye sindinapindule, zomwe ndalipira mwina n'zofanana kapena kuposa zomwe ingagulidwe, madala anandiuza mosabisa kuti akanakhalapo tsiku loyamba akanandilangiza kuti ndisatumize pokhapokha ngati ndikufuna kungoisunga bwino. Anatinso anthu ambiri amabwera ndi R5 ya 2008 ija ya zaka 90 za Mandela yomwe alandira chenji mu takisi akuganiza kuti agula nayo galimoto, iwo amawabweza, koma ndikukayika ngati mnyamata uja amabweza aliyense.

Msuweni wanga wa ku Rosettenville amene anatenga sheleni ya chimanga wamva nkhaniyi ndipo akufuna aitumizenso yake. Ndamuuza kuti ayambe wabwera nayo kwanga usiku tizimitse getsi tiione mbali zonse ziwiri ndi tochi ya foni, ikaoneka kuti ili ndi mwayi tidzapita limodzi mkati mwa sabata m'mawa, nthawi imene madala amakhalapo, ndipo kapulasitiki ndidzatsegula ndine.