Famase yathu ya ku Mufakose: ndi yodula pang'ono, koma ndimabwererako

Mlongo wanga ali ndi zaka 26, ndipo matenda a khunyu anamuyamba ali Fomu 3. Anzathu achishona amati pfari. Ine ndiye ndimamugulira mankhwala mwezi ndi mwezi, moti mafamase a kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, mpaka m'tauni ndawayenda ndithu. Lero ndinenepo za kamodzi kakang'ono, kapafupi ndi pokwerera makombi (maminibasi). Dzina sinditchula.

Ndiyambe ndi zondinyansa. Mitengo ndi yokwererapo, m'tauni umapulumutsa dola imodzi kapena awiri. Pawindo palibe chinsinsi, wakumbuyo kwako amamva zonse, ndipo mukudziwa mmene anthu amasenderera kutali akamva za matenda akugwa, ngati malovu awapatsira. Sapatsirana, abale. Chenji ndiye musayembekezere, amakupatsani switi.

Nanga ndimabwereranji? Chaka chatha adokotala anamusinthira mankhwala, kuchoka pa phenobarbitone kupita pa levetiracetam. Kugwa kunachepa, tinayamika Mulungu. Koma munthu uja anasanduka wina. Kupsa mtima pa zazing'ono, nsima kungoitsinako, mpira wa Dynamos umene sankauphonya n'kuusiya. Usiku wina anati, "Achemwali, ine ndakutopetsani. Ndikanapanda kukhalapo bwenzi mukupuma." Ndinamukalipira kuti asiye zopusazo. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Nditapita kukatenga a mwezi wachiwiri, mayi a pafamasepo sanangowerenga mapiritsi. Anandiitanira pambali n'kufunsa, "Nanga mumtima ali bwanji? Akugona? Anayamba wanenapo zodzipha?" Ndinazizidwa thupi lonse. Kwathu mawu amenewo sitiwatchula chisawawa.

Anandifotokozera modekha kuti levetiracetam kwa anthu ena amabweretsa ukali ndi kukhumudwa, phenobarbitone nayenso amatero, ndipo mu 2008 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachenjeza za maganizo odzipha pa mankhwala a khunyu. Koma anati tisanamizire mapiritsi okha. Kafukufuku wamkulu wa ku Denmark wa mu 2007 anapeza kuti chiopsezo chodzipha kwa odwala khunyu chimaposa cha anthu ena katatu, ndipo chimakwera kwambiri m'miyezi 6 yoyamba munthu atauzidwa za matendawa. Ine sindinadabwe nazo. Mwanayu ntchito anamukana kawiri, chibwenzi chinatha atagwa pamaso pa apongozi ake a mawa, azakhali akuti analodzedwa, ena akuti ziwanda. Zonsezi anazisenza yekha, ife tikungowerenga masiku amene sanagwe.

Ndinafuna kutaya mankhwalawo tsiku lomwelo. Mayiwo anandiletsa mwamphamvu, ati kusiya mwadzidzidzi kumadzetsa kugwa kosalekeza kumene kumatha kupha. Anati ndibwerere naye kwa adokotala sabata yomweyo, osadikira tsiku la pakhadi, ndipo botolo ndizisunga ine n'kumamupatsa a tsiku limenelo basi. Chovuta chinali chakuti ndikamufunse maso ndi maso. Ndinkaopa kuti kufunsa n'kumupatsa nzeru yoipa. Iwo anati ayi, funso silidzala maganizowo mwa munthu, limangomutsegulira pakamwa. Anandiuzanso za Friendship Bench, mabenchi a m'makiliniki pomwe agogo aakazi amamvetsera mavuto a anthu, amene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006 pothandiza anthu amene kuno amati ali ndi kufungisisa, ndiye kuti kuganiza mopitirira muyeso.

Ndinamufunsa madzulo omwewo tikusankha nyemba pakhonde. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako analira n'kuvomera. Adokotala anamusinthiranso mankhwala pang'onopang'ono. Pabenchi wapitako kanayi, akuti agogowo samudula mawu ngati ine. Sindikunena kuti zatha, masiku ena amadzukabe wolemedwa.

Mayiwo amakhalapo m'mawa, Lolemba mpaka Lachisanu. Loweruka pamakhala mnyamata waulemu ndithu, koma iye ndi mapiritsi, risiti, "wotsatira". Ngati muli ndi wodwala khunyu pakhomo, pitani mkati mwa sabata, ndipo mutenge madola osinthasintha.