Miyezi 14 ndikugwiritsa ntchito onga wa Varget mu .308 yanga

Alamu anga anandiimbira Loweruka kundifunsa ngati onga uja ndinkautama chaka chatha ndikuukondabe, poti nawonso ayamba kudzipangira okha zipolopolo. Ndinangoti "gulani, alamu," koma usiku nditatsegula kope lomwe ndimalembamo zonse za kowombera, ndinaona kuti ndawayankha mothamanga.

Mfuti yanga ndi .308 Winchester, mitu ya zipolopolo ndi ya 168 grain (grain ndi muyezo wa kulemera kwa mitu ndi onga). Ndimakhala ku Gauteng m'dziko la South Africa, kosaka ndi ku Limpopo. Kuno lamulo la Firearms Control Act la 2000 limalola mwini laisensi kudzipangira zipolopolo za mfuti yake yomweyo. Ambiri tinkadalira onga wa Somchem wopangidwa konkuno, koma fakitale yake ya ku Macassar, kufupi ndi Cape Town, itaphulika mu Seputembala 2018 n'kupha anthu 8, ongawo unayamba kusowa m'mashopu, aliyense n'kumangogula womwe waupeza. Ine ndinagwera onga wina wa timibulu tozungulira, womwe dzina lake sinditchula. Poyeza unali wokoma, umangoyenderera m'makina ngati shuga. Koma mlingo womwe ndinaupeza m'mawa wa chisanu mu Juni, pofika Novembala unasanduka china: zipolopolo kugwera pamwamba pa chandamale, ma primer (tizitsulo ta kumbuyo kwa chipolopolo toyatsa onga) kuphwatalala, chitsulo chotsekera kulimba potsegula. Zimenezo ndi zizindikiro zoti mphamvu yapyola, ndipo tsiku limenelo ndinalongedza mtima ukugunda.

N'chifukwa chake ndinapita ku Varget. Amagulitsa ndi a Hodgdon a ku America, koma amaupanga ku Australia, komwe umadziwika kuti AR2208. Ndi wa timitengo tating'onoting'ono, osati timibulu. Umadzaza bwino khoko la .308, susiya mwaye wambiri mu mpope, ndipo uli m'mabuku ambiri a milingo, choncho poyambira sipasowa. Ndinayambira pansi pa zomwe buku likunena n'kumakwera pang'onopang'ono. Mlingo wanga sindiulemba pano. Mfuti iliyonse ili ndi pakamwa pake.

Chomwe chinandidabwitsa ndi nkhani ya kutentha ija. Zoti ongawu sutekeseka ndi nyengo ndinkaziwerenga pabotolo, koma ndinkati ndi mawu a amalonda. Mu Julayi ndinawombera zipolopolo zisanu pa mamita 100 kukuzizira madigiri 3, zala zitauma, udzu uli mbuu. Zinalowa pamalo oti ndalama ya R5 n'kuphimba. Ndinasunga dala zina 10 za m'bokosi lomwelo mpaka Disembala, ndipo tsikulo kunatentha madigiri 34. Ndinazisiya padzuwa patebulo mpaka kufunda m'manja, kufuna kuti zindichititse manyazi ngati zingatero. Pa chronograph, makina oyezera liwiro la chipolopolo, liwiro linakwera pang'ono kwambiri, kusiyana kwake kosaposa komwe ndimaona pakati pa chipolopolo china ndi chinzake tsiku limodzi. Mabowo anagwera pomwe paja. Ndinabwerezanso, zomwezo. Chitsulo chinatseguka ndi chala chimodzi. Kwa munthu amene amayesera mfuti kozizira n'kukawombera nswala kotentha, zimenezi ndiye zonse. Sindifuna kuvulaza nyama n'kuisiya ikafere kuthengo chifukwa choti onga wamva dzuwa.

Chotopetsa chilipo. Timitengo tija sitiyenda mosalala m'makina oyezera, nthawi zina mumamva kadukamo, ndiye chipolopolo chilichonse ndimachiyeza pasikelo n'kumadonthezera kamodzikamodzi. Zipolopolo 50 zimandidyera madzulo onse. Ndazolowera, ndipo mai a kunyumba amadziwa kuti chitseko cha galaja chikatsekedwa sandiitana.

Pomwe mtima wanga umatembenukira ndi pa ndalama. Botolo ndi la paundi imodzi, magalamu 454, kapena kuti 7,000 grain, ndipo limandipatsa zipolopolo pafupifupi 160. Si zambiri. Nditaona kuti zandiyendera, ndinabwerera kushopu komwe ndinagula kukapempha mabotolo ena awiri a nambala ya lot yomweyo (lot ndi gulu la onga wopangidwa nthawi imodzi), chifukwa lot ikasintha umayenera kutsikanso pansi n'kuyesa mwatsopano. Mwini shopu anati alipo kumbuyo, ndilipiriretu theka andisungire mpaka kutha kwa mwezi. Ndinalipira. Pokatenga ndinapeza nambala ina, mtengo utakweranso, ati randi yagwa. Nditafunsa za mabotolo anga aja anangoti, "Varget ndi Varget, bwana." Munthu wogulitsa onga sayenera kulankhula choncho. Zinanditengera mitu 30, ma primer 30 ndi maulendo awiri a kowombera kuti ndipezenso pomwe mfuti ikufuna. Lot yatsopanoyo ilibe vuto, ikuwombera bwino lomwe. Chondiwawa ndi lonjezo lija ndi petulo wanga.

Sabata imeneyo mukanandifunsa, ndikanati ndikusiya ndiyese onga wa N140 wa kampani ya Vihtavuori ya ku Finland, womwe anzanga ena amautama mu .308. Lero mkwiyo watsika ndipo ndawaimbiranso alamu. Ndawauza kuti agule Varget, koma agule mabotolo awiri tsiku limodzi, awerenge okha nambala ya lot asanapereke khobidi, ndipo asapite kushopu ijayo. Ine botolo lotsatira ndikatenga ku Pretoria ngakhale kuli kutali.