Chishalo cha masipuling'i pa njinga ya rigid, miyezi inayi ndikuchikhalira

Amene munakwerapo njinga yamoto ya rigid, ena amati hardtail, mukudziwa kale kuti kumbuyo kulibe shoko olo imodzi, tayala limamangidwa pa fulemu penipeni ndiye chilichonse chomwe laponda chimakupeza m'chiuno chonsecho osachotserako. Yanga ndi bobber, njinga yochotsedwa zonse zosafunikira, yomanga pamanja ya injini ya V-twin, ya masilinda awiri ija, ndipo poyamba ndinaika kachishalo kopyapyala komangira pa fulemu pompo chifukwa pa chithunzi kamaoneka bwino heve. Kukongola kunalipo inde, koma ndikangoyenda makilomita 30 ndimatsika ndikuyenda chowerama ngati agogo.

Ndiye ndinagula chishalo cha munthu mmodzi cha masipuling'i. Pansi pake ndi chitsulo, pamwamba chikopa chenicheni, siponji yake mwina inchi imodzi basi, kutsogolo kuli hinji ndipo kumbuyo masipuling'i awiri a mainchesi 3 onenepa pakati aja. Si nzeru yatsopano ayi. Njinga zikuluzikulu za Harley-Davidson zinakhala zopanda shoko kumbuyo mpaka 1958 pomwe inatuluka Duo-Glide, ndipo anthu ankayenda nazo maulendo ataliatali chifukwa chishalo chinkakhala pa kamtengo kachitsulo kolowa mu paipi ya fulemu momwe munali masipuling'i ataliatali. Masipuling'i athu amasiku anowa ndi aafupi, ndiye musayembekezere kufewa ngati kuja.

Zabwino zake ndinene kaye. Timing'alu ta pamsewu, timiyala, kunjenjemera kwa injini komwe kumachititsa dzanzi m'matako, zonsezo zinachepa kwambiri tsiku loyamba lomwe. Chikopa poyamba chinali gwa ngati thabwa koma patapita masabata atatu chinayamba kutengera thupi langa, ndipo kumbuyo kwake n'kopindikira m'mwamba pang'ono moti ukathamangitsa njinga mwadzidzidzi sutsetserekera pa madigadi. Pamenepo opangawo anaganiza bwino.

Koma abale sipuling'i si shoko. Shoko imakhala ndi mafuta mkati oletsa kubwerera mwamphamvu, pomwe sipuling'i ikapanikizika imabweza mphamvu yonse nthawi yomweyo, ndiye ukagunda bampu yaikulu umayamba watsika kenako imakuponya m'mwamba matako kusiyana ndi chishalo, ukamatera n'kudumphanso kachiwiri. Tsiku lina pa mlatho pomwe phula limalumikizana ndi konkire ndinangoona mapazi achoka popondera, mtima unagunda osati masewera. Masipuling'i omwe anabwera nacho analinso ofewetsa kwa ine wa makilogalamu 90, chishalo chimafika mpaka pa madigadi n'kukanda penti. Ndinayesa a mainchesi 5, kufewa kunalipo koma ndinakwera m'mwamba kwambiri ngati ndakhala pa mpando wa m'bala, mahandulo akuoneka ali pansi, njinganso inaoneka yonyansa. Ndinabwerera ku a mainchesi 3 koma olimbirako. Hinji nayo inali yogwedera, pokhota chishalo chimapita uku ndi uku, mpaka ndinaikamo mawashala ndi nati yosamasuka yokha ija. Zimenezi anayenera kukonzeratu okha, osati kusiyira wogula.

Chomwe chinandidabwitsa n'choti ngakhale chishalo chitakhala bwino msana umapwetekabe, ndipo vuto linali mapazi. Ndinali ndi zopondera zakutsogolo zija amati forward controls, miyendo tambalale ngati uli pa sofa, zooneka zaulemerero ukaima pa maloboti. Koma taganizani, miyendo ikakhala kutsogolo choncho siinyamula kalikonse, msana umapindika ndipo thupi lonse limatsamira pa kafupa ka kumapeto kwa msana kaja, dzenje ukuliona likubwera koma palibe chomwe ungachite, umangoluma mano basi. Nditasamutsa zopondera n'kuziika pakati, pansi pa mawondo, zinthu zinasinthiratu. Pano ndikaona bampu ndimaponda mwamphamvu n'kunyamuka pang'ono, mawondo ndi omwe amagwira ntchito ya shoko, ndipo kunena zoona kusinthaku kunandithandiza kuposa chishalo chenichenicho. Anzanga ena amati njinga yataya sitayilo, ayi zikomo, msanawu ndi wanga.

Mahandulo nawo ali ndi mbali yawo. Ma ape hanger opitirira mapewa amachititsa dzanzi m'manja ndipo mphepo imakukankha pachifuwa, ma drag bar, aafupi owongoka aja, amakukokera kutsogolo khosi n'kuuma. Ine ndinasankha ofika cha m'munsi mwa mapewa, zigongono zopindika pang'ono, msana wowongoka. Tayala lakumbuyo ndi la 5.00-16 lonenepa lija, ndipo ndimachepetsako mpweya pang'ono kuti lizimeza mabampu ena, koma pang'ono zedi, mukaphwetsa kwambiri limatentha, limagwedezeka pokhota ndipo chubu chimatha kutsinidwa ndi limu.

Za mvula musafunse, chikopa chimamwa madzi ndipo mawa lake umafika komwe ukupita thalauza ili chonyowa, ndiye muzichipaka mafuta a chikopa komanso kuchiphimba. Wokwera kumbuyo alibe malo, zimenezo mudziwiretu musanakangane ndi akunyumba.

Ndingachipatse 7 pa 10. Pano ndimayenda makilomita 120 ndisanafune kuima, kuchoka pa 30 aja. Amene mukufuna maonekedwe a rigid koma msana unayamba kale kudandaula, Softail ya Harley-Davidson ilipo kuyambira 1984, mashoko ake anawabisa kuti asamaoneke. Ine yangayi sindikugulitsa, kungoti hinji ija ndimayang'ana nati yake Loweruka lililonse ndisanalize injini.