Sikelo ya ana pa kiliniki ya m'komboni mwathu

Mwana wanga amadzuka tambala woyamba kukagulitsa tomato ku Soweto Market, choncho ntchito yopita ndi mdzukulu ku sikelo inagwera ine. Ndayenda naye mwezi ndi mwezi kwa chaka ndi theka pa kiliniki ya boma ya pafupi ndi kwathu kuno ku Lusaka. Ndikulembera makamaka inu amene mumasiya kupita mwana akangobayidwa katemera wa chikuku wa miyezi 9.

Chovuta ndi mzere. Mukafika 7 koloko mubwerera dzuwa lili paliwombo, ndipo mabenchi ndi ochepa moti m'mwezi wa Okutobala timaima padzuwa, ana akulira kumsana. Tengani madzi, chitenje chapadera ndi kachakudya ka mwana. Ndalama salipiritsa.

Katemera amayenda bwino. Wathu analandira BCG, katemera wa chifuwa chachikulu (TB), atangobadwa, kachipsera kali pamkono mpaka lero, kenaka wa masabata 6, 10 ndi 14, ndiponso wachikuku pa miyezi 9 ndi 18. Vitamini A amamudonthezera m'kamwa miyezi 6 iliyonse. Palibe tsiku limene anatibweza kuti mankhwala atha.

Koma chimene ndimayamikira kwambiri chinachitika ali ndi miyezi 8. Mwanayu anabadwa ndi makilo 2.9, pa miyezi 5 anali pafupi kuwirikiza kawiri monga zimayenera, ndiye ine mtima unali m'malo. Tsiku limenelo sikelo inaonetsa 7.1, chimodzimodzi ndi mwezi wapitawo. Ine ndinali nditayamba kale kumubereka kuti tizipita, koma anamwino anandiimitsa, natambasula khadi patebulo.

"Ambuya, musamangomva nambala ya lero. Onani mzere uwu. Ukamakwera ndiye kuti mwana akukula. Ukagona chonchi miyezi iwiri, pali chimene chikuperewera. Kodi mumamudyetsa chiyani amayi ake akakhala kumsika?"

Ndinayankha zoona: phala lamadzimadzi la ufa woyera, lothira shuga. Sanandinyoze pamaso pa atsikana amsinkhu wa ana anga, ndipo chimenechi sindidzaiwala. Anandiuza kuti kamimba ka mwana nkakang'ono, phala lamadzi limangokadzaza osasiyamo mphamvu. Lizikhala lolimba, losayoyoka msanga pasupuni, la mgaiwa, lothira nsinjiro, kapenta wosinja kapena dzira, ndi chibwabwa chopota bwino. Bere asasiye. Anamuyeza ndi katepi ka pamkono kaja, kamene kamafika pofiira mkono ukachepera masentimita 11.5. Wathu anali pobiriwira, koma anati tisadikire kuti afike pachikasu. Patapita miyezi iwiri mzere unadzuka.

Msinkhu nawo amayeza, pomugoneka pathabwa, ngakhale tsiku lodzaza anthu amadumpha mukapanda kupempha. Pemphani. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 muno m'Zambia anali opinimbira, ndipo mwana wopinimbira sadziwika ndi maso, timangoti watengera kufupika kwa akuchimuna.

Tsopano chimene chimandiwawa. M'nyumba momwemo muli amayi anga, amene anachoka ku Katete maso atayamba kuvuta. Madiresi awo akhwepa, msana wapindika, nsima amangotsina kawiri nkukankha mbale chifukwa mano anatha. Munthu akamakalamba minofu imachepa ndipo mafupa amafooka, koma iwo alibe khadi, alibe tsiku lawo, palibe wojambula mzere wawo. Pa kiliniki okalamba amaonedwa akadwala kale. Ine ndi zaka zanga 61 ndaima pamzere umenewu maulendo 18, ndipo palibe anandifunsapo za BP yanga mpaka nditayamba ndekha.

Nditawadandaulira anamwino aja, anati ndibwere nawo amayiwo kuchipinda cha odwala wamba m'mawa, awayeze BP, shuga ndi kulemera kwa thupi, ndipo ine ndizilemba m'kabuku ka sukulu mwezi uliwonse. Anawonjezera kuti phala la nsinjiro lomwe lija liwayeneranso. Kabukuko ndagula. Lachiwiri likudzali ndalankhula kale ndi mnyamata wa takisi, tidzapita atatu, wina kumsana, wina nditamugwira dzanja.