ECZ kapena Cambridge: mwana wa ku Lusaka alembe mayeso ati?

Funso loyamba si lakuti mayeso abwino ndi ati. Funso ndi lakuti mwanayo akamaliza sekondale adzapita kuti. Ngati cholinga ndi yunivesite ya UNZA, ya CBU kapena koleji ya unamwino ndi uphunzitsi, satifiketi ya ECZ (Examinations Council of Zambia, bungwe loyendetsa mayeso a dziko lino) ikukwana. Makolo ambiri amavutika kulipira Cambridge poganiza kuti imatsegula khomo lililonse, koma satifiketi yake ya IGCSE payokha ndi msinkhu wa O Level basi, ngati Grade 12 yathu. Mayunivesite ambiri a ku UK amafunanso A Level kapena chaka chokonzekera chotchedwa foundation, ndiye wosankha njirayi awerengere chaka china chimodzi kapena ziwiri za fizi.

Tiyambe ndi kawerengedwe ka zotsatira, popeza apa ndi pomwe anthu amasokonezeka. ECZ imapereka manambala kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 ndi 4 merit, 5 ndi 6 credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapoyinti timawapeza pophatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa, ndipo ochepa ndiwo abwino. Kuti apeze School Certificate yonse ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo likhale credit. Kapena asanu, awiri akhale credit. Wagwa Chingerezi, satifiketi yonse palibe, ngakhale masamu atapeza 1. Ana ambiri anzeru amagwera pamenepa chifukwa chonyozera composition ndi summary.

Cambridge imapereka zilembo, A* mpaka G, ndipo phunziro lililonse limaima palokha. Koma ili ndi msampha wake. Maphunziro monga masamu ali ndi magawo awiri, Core ndi Extended. Wolemba Core, ngakhale akhoze mafunso onse, sangapitirire C. Sukulu zina zimaika mwana wofooka ku Core pofuna kuti asagwe, makolo n'kudzazindikira zotsatira zitatuluka kuti B kapena A sakanampeza n'komwe. Funsani kalembera asanatseke: mwana wanga mwamuika gawo liti pa phunziro lililonse? Muone pa pepala, osangomva pakamwa.

Masamu a ECZ ali ndi Paper 1 yopanda kakyuleta, ndipo kuyambira 2025 Cambridge nayonso inaika pepala lotere. Apa palibenso wothawira kwina.

Pa ndalama kusiyana n'koonekeratu. Kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka Grade 12. Mtengo wake umabwera mwanjira ina: makalasi odzaza, mphunzitsi mmodzi sangathe kuchonga makope onse sabata iliyonse, ndiye makolo amathera ku matyushoni. Ku Cambridge mumalipira fizi ya sukulu, kenaka ya mayeso pa phunziro lililonse, ndipo imeneyi imatsatira ndalama yakunja. Kwacha ikagwa, bilu imakwera. Mukachedwa kulembetsa, pali chindapusa pamwamba.

Nanga zikavuta? Wa ECZ amene wagwa masamu kapena sayansi amalembetsa GCE, amene amalembedwa pakati pa chaka, n'kubwereza okhawo amene anagwa. ECZ imatha kuphatikiza zotsatirazo. Wa Cambridge ali ndi mwayi kawiri pachaka, Meyi mpaka Juni ndi Okutobala mpaka Novembala, ndipo amene sali pasukulu amatha kulembetsa kudzera ku British Council. Koma pofunsira malo kuno kwathu, pepala lakunja nthawi zambiri limafunika kuti litsimikizidwe ndi kufananizidwa ndi lathu, ndiye yambani msanga, osadikira sabata yotseka mafomu.

Chimene ophunzira eni ake amadandaula nacho pa ECZ ndi kuloweza. Mafunso amabwera m'kaonekedwe kodziwika, kotero wodya ma past paper a zaka khumi amakhoza ngakhale asanamvetse bwino. Chidandaulochi chili ndi mutu, ndipo vuto la ma leakage limachokera komweko: zaka zitatu za mwana zimapimidwa m'masabata ochepa. Mu Okutobala 2018 boma linaimitsa mayeso a dziko lonse pepala la masamu la Grade 9 litatuluka nthawi isanakwane, ndipo osalakwa omwe anavutika nawo. Cambridge imakonda kupatsa mwana nkhani kapena tebulo limene sanaonepo n'kumuuza kuti afotokoze chifukwa chake. Komabe tisanamizane, ophunzira a Cambridge nawonso amaloweza ma mark scheme, mayankho amene ochonga amatsatira, usiku wonse.

Pali mbali imodzi imene ECZ ikupambana poyera, ndiyo Civic Education. Mwana wa ku sukulu ya Munali, Libala kapena Kabulonga amaphunzira Constitution ya Zambia, ufulu wa mu Part III yake, ntchito ya Nyumba ya Malamulo, katangale ndi Anti-Corruption Commission, ndiponso kuti kusintha kwa malamulo kwa 2016 kunalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri. Amadziwa kuti chitupa cha NRC amatenga ali ndi zaka 16, kuvota 18. Cambridge ili ndi Global Perspectives, phunziro labwino pophunzitsa kufufuza ndi kutsutsana mwaulemu, koma silinena za khansala wa mu wadi yanu. Mwana atha kulemba bwino za kusintha kwa nyengo padziko lonse, osadziwa kuti madzi akasefukira ku Kanyama madandaulo amapita kwa yani. Osankha Cambridge amugulire buku la Civic Education aziwerenga kunyumba.

Za mwambo, lamulo ndi limodzi konsekonse: chikwapu chinaletsedwa m'sukulu mu 2003, ndipo Education Act ya 2011 inatsindikanso. Kusiyana kuli pa chilango cholowa m'malo mwake. Ku sukulu za boma chofala ndi kutchetcha udzu, kusesa, kapena kuitanitsa makolo. Ku zolipira ndi detention ndi makalata. Musanasaine, pemphani malamulo a sukulu olembedwa, mufunse ngati chilango chimachitika nthawi ya kalasi. Mwana wotchetcha udzu anzake akuphunzira masamu walangidwa kawiri.

Cholakwa chachikulu ndi kusamutsa mwana pakati pa ulendo. Silabasi ya IGCSE ndi ya zaka ziwiri, ndipo mitu yake siyenderana ndi ya ECZ. Wochoka ku Cambridge fizi itakanika amapeza Civic Education yonse ikumudikira. Onaninso kuti dongosolo latsopano la maphunziro m'Zambia linayamba mu 2025 ndi Form 1: pulayimale ithera Grade 6, O Level ithera Form 4, kenaka A Level ku Form 5 ndi 6. Kwa mwana amene ali m'dongosolo limeneli, funsani ahedi ngati sukuluyo idzakhala ndi Form 5, ndi maphunziro ati.